Heavy metal: anthu amayamba liti komanso bwanji kukonda "nyimbo zaphokoso" zija?

Mukakhala pa benchi kudikira kuti foni itchajike, kaya kuno kwa Kasisi, pa Dyeratu kapena pa Chikwawa boma, mumadziwiratu zimene zituluke m'masipika: amapiano, dancehall, gospel, Black Missionaries, Driemo, Namadingo. Koma mwa apo ndi apo mumapezeka mnyamata kapena mtsikana amene m'mahedifoni mwake mukulira zina zachilendo. Gitala akuchita kukalipa, ng'oma zikugwa ngati matalala pa malata, woimba akukuwa ngati wapondedwa ndi ng'ombe. Anzake amangoti, "Aise, mutu wako ukuyenda bwino?" Ena samachedwa, amafika pa mawu oopsa aja akuti zausataniki.

Nyimbo zimenezo dzina lake ndi heavy metal, ena amangoti metal. Okonda ake kuno ndi ochepa, koma alipo, ndipo njira imene amalowera ndi yofanana kwambiri ndi ya anzawo a ku Lusaka, Gaborone kapena London.

Kodi metal yo n'chiyani kwenikweni?

Ndi mwana wa nyimbo za rock. Bandi yake imakhala ndi gitala wamagetsi mmodzi kapena awiri, bezi, ng'oma ndi woimba. Chimene chimapangitsa kuti zimveke zolemera ndi distortion: mawu a gitala amawakankha dala kupyola mphamvu ya amplifaya mpaka amakhala okhakhala. Pamwamba pake pamabwera riff, kachidutswa ka gitala kobwerezabwereza kamene kamanyamula nyimbo yonse. Oimba ng'oma ambiri amaponda ndi mapazi onse awiri, n'chifukwa chake zimathamanga choncho.

Kwawo kwa nyimbozi ndi ku Birmingham, mzinda wa mafakitale ku England. Bandi ya Black Sabbath inatulutsa chimbale chake choyamba pa 13 February 1970, ndipo ambiri amawerengera kubadwa kwa metal kuyambira pamenepo. Woimba gitala wawo, Tony Iommi, anadulidwa nsonga za zala ziwiri ndi makina ali ndi zaka 17, pa tsiku lake lomaliza kugwira ntchito mu fakitale ya zitsulo. Anasungunula botolo la pulasitiki n'kudzipangira tizisoti ta zalazo, kenako n'kumamasulako nsambo za gitala kuti zisamupweteke. Nsambo zomasuka zimalira pansi, molemera, ndipo kulemera kumeneko ndi kumene mabandi ena anatengera. Woimba wa bandiyo, Ozzy Osbourne, anamwalira pa 22 July 2025, patangopita masabata osakwana atatu ataimba komaliza ku Villa Park, bwalo la timu ya Aston Villa.

Msinkhu wake: pakati pa Sitandade 8 ndi Fomu 2

Mu 2018, katswiri wa ziwerengero Seth Stephens-Davidowitz analemba mu nyuzipepala ya New York Times zimene anapeza atasanthula momwe anthu amamverera nyimbo pa Spotify. Anapeza kuti nyimbo zimene munthu amazikonda akakula nthawi zambiri ndi zimene zinatuluka ali wachisodzera. Kwa amuna ndi zaka 13 mpaka 16, pachimake pali pa 14. Kwa akazi ndi 11 mpaka 14, pachimake pa 13. Kafukufukuyo anali wa nyimbo za mitundu yonse, osati metal yokha, ndipo anaona nyimbo zotchuka ku America. Komabe aliyense amene anakhalapo ku sekondale azivomereza. Ndi msinkhu umene munthu umafuna chako chako, chosiyana ndi cha makolo, thupi likusintha, mtima ukupsa msanga, mayeso ali pakhosi. Nyimbo imene ikukuwa m'malo mwako imakhala ngati yakumvetsa.

Ena amayamba ali aang'ono kuposa apo. Lars Ulrich, woimba ng'oma wa Metallica, anali ndi zaka 9 pamene anakaonera Deep Purple ku Copenhagen mu 1973, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanabwererenso. Mnzake James Hetfield anakumana ndi Black Sabbath posanthula zimbale za mkulu wake. Onani apa: palibe mwa awiriwa amene anadzuka n'kunena kuti lero ndikasake metal. Wina wake anawatsegulira khomo. Mpaka lero zimayenda choncho: achimwene obwera ku holide kuchokera ku koleji ku Blantyre, amalume obwera kuchokera ku Joni ndi flash yodzaza, kapena mnzako wa mu hostel amene wakubwereka hedifoni imodzi.

Makomo amene ambiri amalowera osadziwa

Khomo lalikulu kwa ife okulira m'mavidiyo shoo ndi wrestling. Ngati munakuwapo Triple H akulowa m'bwalo akulavula madzi m'mwamba, ndiye kuti munavinira Motörhead, bandi ya ku England imene inaimba nyimbo yake yolowera, "The Game". Bandiyo inakaiimba pamaso pa anthu ku WrestleMania mu 2001 ndi 2005. Edge ankalowa ndi "Metalingus" ya Alter Bridge. CM Punk anayamba ndi nyimbo ya Killswitch Engage, kenako n'kusinthira ku "Cult of Personality" ya Living Colour. Mwana amene ankalipira kandalama kochepa kuti aonere ndewu zija ankamwa metal mlungu ndi mlungu, dzina lake lokha ndi limene sankalidziwa.

Magemu nawo achita zawo. Need for Speed: Most Wanted ya 2005 inali ndi nyimbo za Disturbed, Avenged Sevenfold ndi Bullet for My Valentine. Mu GTA: Vice City, ukaba galimoto n'kutsegula wayilesi ya V-Rock umamva Iron Maiden, Slayer ndi Megadeth.

Ndiye pali Linkin Park. Okonda metal enieni amakangana ngati bandi imeneyi ili yawo kapena ayi, koma palibe amene amatsutsa zoti yalowetsa anthu ambiri. Chimbale chawo choyamba, Hybrid Theory, chinatuluka mu 2000, chosakaniza rap ndi magitala olemera. Mu 2004 anapanga Collision Course ndi Jay-Z, momwe muli "Numb/Encore". Kwa wachinyamata wa hip hop uwu unali mlatho wabwino: umabwerera Jay-Z, n'kutsalira magitala. Kuchoka apo munthu amapita ku System of a Down, Slipknot, Metallica, ndipo wolimba mtima amafika ku death metal, kumene mawu a woimba amachita kutuluka m'mimba.

Masiku ano khomo ndi foni. Mu July 2022 filimu ya Stranger Things pa Netflix inaika "Master of Puppets" ya Metallica, nyimbo ya mu 1986. Tizidutswa take tinadzaza TikTok, ndipo nyimboyo inalowa koyamba pa mndandanda wa Billboard Hot 100 ili ndi zaka 36. Ana amene sanabadwe n'komwe pamene inkatuluka anayamba kuisaka. Bandulo ya TikTok yachita zimene wayilesi sinachite.

Bwanji kuno zinachedwa, chonsecho ku Zambia zinalipo kale?

Nthawi ya Kamuzu Banda dziko linali ndi wayilesi imodzi, MBC, ndipo kanema wa dziko lino anayamba mu 1999. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika nyimbo, mabuku ndi mafilimu asanafike kwa anthu. M'zaka za m'ma 1970 mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo alendo ena ankametedwa pa bwalo la ndege. Nyimbo za anyamata a tsitsi lofika m'mapewa zikanadutsa pati?

Kutsidya kwa Mchinji nkhani inali ina. Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wayilesi zikhale za ku Zambia, ndipo achinyamata amene anakulira kumvera Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple ndi Black Sabbath anayamba kupanga zawo. Mtundu umenewo umatchedwa Zamrock. Panali WITCH, yotsogozedwa ndi Emmanuel "Jagari" Chanda, amene dzina lake lachiwirilo linachokera kwa Mick Jagger. Panali Amanaz ndi chimbale chawo Africa cha 1975. Ndipo panali Paul Ngozi wa ku Lusaka ndi bandi yake Ngozi Family, amene gitala wake anali wokhakhala kwambiri, ndipo ankaimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja. Zamrock si metal ndendende, tinene kuti ndi msuweni wake, koma mukamvera chimbale cha 45,000 Volts cha 1977 mumva kuti magazi ndi amodzi.

Mtengo wa kopa utagwa, chuma cha Zambia chinalowa pansi, disco inalanda mabwalo, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri m'ma 1980. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari anakhala mphunzitsi, kenako n'kumakumba miyala yamtengo wapatali, mpaka zimbale zakale zija zitayambanso kutulutsidwa kunja. WITCH inadzuka, n'kutulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023. Ndiye mu October 2024 Tyler, the Creator anatulutsa "Noid", imene inatenga chidutswa cha "Nizakupanga Ngozi" ya Ngozi Family. Anthu mamiliyoni ku America ankang'ung'udza mawu amene ife timawamva popanda womasulira. Kwa ine, ngati pali khomo labwino loti Mmalawi alowere ku magitala olemera, ndi limeneli.

Zoti ndi nyimbo za azungu okha nazo n'zabodza. Living Colour ija ya CM Punk ndi bandi ya anthu akuda a ku New York. Ice-T ali ndi bandi ya metal, Body Count, imene inapata mphoto ya Grammy mu 2021. Ku Botswana kuli Wrust, Skinflint ndi Overthrust ya ku Ghanzi, ndipo okonda ake amadziwika ndi zovala zachikopa ndi zipewa za makauboyi. Ku Harare kuli Dividing the Element imene imaimba m'Chishona. Ku Maputo achinyamata a metal anajambulidwa mu filimu yotchedwa Terra Pesada, ku Angola mu Death Metal Angola ya 2012. Ndipo ife a kuchigwa kuno, amene tinakulira pa ng'oma za likhuba ndi kuthamanga kwa ulimba, sitingauzidwe kuti liwiro ndi phokoso ndi zachilendo.

Nanga za usataniki zija?

Apa tisanamizane. Mabandi ena amagwiritsa ntchito zithunzi za zigaza, imfa ndi mdyerekezi, ena pofuna kudabwitsa anthu ngati mmene amachitira opanga mafilimu oopsa, ena chifukwa amadana ndi chipembedzo. Ku Norway, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anyamata ena a black metal anawotcha matchalitchi, kuphatikizapo la Fantoft mu 1992. Zimenezo zinachitikadi. Koma ndi kagulu kochepa m'nyumba yaikulu. Nyimbo zambiri za metal zimakamba za nkhondo, ndale, mankhwala ozunguza bongo, kusungulumwa ndi mbiri yakale. "War Pigs" ya Black Sabbath imadzudzula atsogoleri otumiza ana a osauka kunkhondo. Aliponso mabandi achikhristu monga Stryper, P.O.D. ndi Skillet. Chizindikiro cha zala ziwiri chija chinatchuka ndi Ronnie James Dio, amene ankati anachiphunzira kwa agogo ake aakazi ochokera ku Italy, ndipo iwo ankachichita pofuna kuthamangitsa tsoka.

Akatswiri anafufuzanso ngati nyimbozi zimakwiyitsa munthu. Mu 2015, Leah Sharman ndi Genevieve Dingle a pa University of Queensland ku Australia anatenga anthu 39 okonda nyimbo zolemera, n'kuwakumbutsa zinthu zowapsetsa mtima, kenako ena n'kuwapatsa nyimbo zawo. Mkwiyo sunakwere, ambiri anakhazikika. Anthu 39 ndi ochepa, inde, ndipo onse anali okonda kale nyimbozo, choncho musakaikire agogo Slipknot n'kumati muwatsitsa BP.

Chifukwa chimene ndakhalitsira pa mfundo imeneyi n'chakuti kuno mawu akuti "wasataniki" si nthabwala. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje n'kufalikira m'maboma ena a kum'mwera, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa chongoganiziridwa. Kujambula mwana wa Fomu 2 wavala tisheti yakuda ya Iron Maiden, imene mwinanso waitola pa kaunjika, n'kumuponya pa gulu la WhatsApp la m'mudzi ndi mawu amenewo, ndi kumuika pa ngozi yeniyeni. Makolo amene ali ndi nkhawa angachite bwino kufunsa dzina la nyimbo n'kuwerenga mawu ake, amapezeka pa intaneti. Chodetsa nkhawa chenicheni ndi mwana amene wasiya kudya, kucheza ndi kupita kusukulu, kaya amamvera metal, kaya kwaya.

Choopsa chimene ambiri sachiganizira ndi makutu

Metal imakoma ikakwera, ndipo pamenepo ndi pamene pali msampha. Bungwe la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pa chiopsezo chowononga makutu chifukwa cha kamvedwe ka nyimbo. Phokoso la madesibelo 80 munthu wamkulu angalimve maola 40 pa sabata popanda vuto. Likafika 90 ndi maola 4 okha, likafika 100 ndi mphindi 20 basi. Foni yokwezedwa mpaka kumapeto ikhoza kufika pamenepo. Tinthu ta mkati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso. Lars Ulrich uja wakhala akudandaula za kulira kwa m'makutu kosatha, ndipo Brian Johnson wa AC/DC anasiyira ulendo wa bandi yake panjira mu 2016 madokotala atamuchenjeza kuti akhoza kugontha. Langizo la WHO ndi loti voliyumu isapitirire 60 pa 100. Ngati wokhala naye pafupi mu minibasi ya ku Nchalo akutha kumva riff yochokera m'mahedifoni mwanu, tsitsani.