Ganyu ndi thangata: mayina awiri a ndime imodzi

Kwa Dambe, kumapiri a Neno kumene amalima tirigu ndi mbatatesi moyandikana ndi Mozambique, munthu akamudulira ndime m'munda wa mnzake amati wapeza ganyu. Liwuli ndi lobwera. Akadaulo a ziyankhulo amati gwero lake ndi liwu la Chipwitikizi lakuti ganho, kutanthauza chimene munthu wapindula, ndipo n'zomveka poti Apwitikizi anakhazikika ku Tete kuyambira m'zaka za m'ma 1500. Choncho dzinali ndi la malipiro, ntchito inangolibwereka.

Thangata ndiye wathuwathu, koma ndi amene anatiluma. Kuthangata kunali kuthandiza mfumu kapena mbale kumunda. Azungu atatenga malo kumapiri a Shire m'ma 1890, anaveka dzina lokomali pa ntchito yokakamiza. Wokhala pa esiteti ankagwira mwezi wolipirira malo ndi mwezi wina wa msonkho, ndipo kapitawo akati ndime sinathe, tsikulo silinkalembedwa, mwezi n'kumangotalika. Ku Magomero mkwiyo unaphulika pa 23 Januwale 1915, pamene anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya A. L. Bruce. Lamulo linathetsa thangata mu 1962. Nawo Angerezi ali ndi nkhani yofanana: mawu awo akuti task, ntchito yopatsidwa, ndi tax, msonkho, ndi a tsinde limodzi la Chilatini. Tanthauzo la mawu otere limatsata amene wagwira chingwe choyezera ndime, osati kumene mawuwo anabadwira.

Ena amati ganyu ndi thangata yemweyo, wangosintha malaya. Mfundo yawo ili ndi mano: mu Januwale nkhokwe zikauma, mayi amasiya munda wake uli thengo kukapalira kwa wina kuti apeze mbale ya ufa, ndipo chaka chamawa njala imamupezanso. Komabe kufananitsaku kwapyola. Waganyu amanenerera mtengo asanagwire khasu, ndime ikamukulira amakana n'kupita kwina, ndipo palibe womugwetsera nyumba. Wathangata akakana ankachotsedwa pamalo ndi banja lake lonse. N'chifukwa chake lero mphunzitsi wophunzitsa ana madzulo amanena mosachita manyazi kuti ali pa ganyu, pamene ntchito iliyonse yopanda malipiro anthu amaitchabe thangata.