Gasi wa mufiliji satha yekha

Filiji ikasiya kuziziritsa zakumwa mugolosale ya pa Kandeu, mwini wake amathamangira kunena kuti gasi watha, ndipo mmisiri akafika amangouzidwa kuti athiremo wina. Maganizo amenewa amatayitsa ndalama, chifukwa gasi wa mufiliji sanyeka ndiponso sachepa ndi ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka: kuchoka mu kompuresa, kudutsa mu kondensa ya kumbuyo kotentha kuja, kulowa m'kapaipi kopyapyala kotchedwa kapilale, mpaka kufika mu ivapoleta. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka, ndipo kawirikawiri bowolo limakhala pa ivapoleta.

Ivapoleta ndi paipi yopindapinda ya m'kati, paja pamaundana madzi. Ntchito yake ndi kuyamwa kutentha. Gasi amafikamo ali wamadzimadzi, mphamvu yomupanikiza itatsika, ndipo amayamba kuwira. Akakhala poyera, gasi wa R134a amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro, pamene R600a, amene ali m'mafiliji ambiri atsopano, amawira pa madigiri 12 kunsi kwa ziro. Choncho ngakhale botolo la thobwa lozizira kale lili ndi kutentha kokwanira kumuwiritsa. Chilichonse chosanduka nthunzi chimatenga kutentha pamene chachokapo, n'chifukwa chake madzi a mumtsuko wadothi amazizira chinyezi chikamauma kunja kwa mtsukowo. Kutentha kotengedwako kompuresa imakukankhira ku kondensa, kumene kumatayidwa panja. Mayina a ivapoleta ndi kondensa ndi a ntchito, osati a maonekedwe a chitsulo: m'makina ena oziziritsa nyumba ku America, valavu imatembenuza njira ya gasi nyengo yachisanu, paipi ya m'kati n'kusanduka kondensa yofunditsa nyumbayo.

Wina anganene kuti wamalonda akufuna zakumwa zozizira basi, mayina a zitsulo ndi a amisiri ophunzira ku TEVETA. Koma filiji imawonongekera m'manja mwa mwini wake, mmisiri asanaitanidwe. Wodziwa kuti pansi pa madzi oundana pali paipi yopyapyala sangagobepo ndi mpeni. Amazimitsa filiji n'kudikira kuti asungunuke okha. Amadziwanso kuti madzi oundana ochindikala si umboni wa filiji yamphamvu, popeza amatchinga kutentha kuti kusafike pa paipi, kompuresa n'kumalira osapuma, mayunitsi a ESCOM n'kumatha msanga. Kuchipatala nkhaniyi imakula, pakuti katemera wambiri amafuna kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo wina amawonongeka akaundana.

Ena amati kuthira gasi n'kotchipa kusiyana ndi kuwotcherera kapena kusintha ivapoleta. Tsiku loyamba n'zoona, koma bowo losatsekedwa limatulutsanso gasi watsopanoyo, ndipo chinyezi cholowera pamenepo chimatha kuundana n'kutseka kapilale. Gasi wotayikayo sakhalanso nkhani ya golosale imodzi. R12 wa m'mafiliji akale adaletsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa chowononga ozoni, ndipo R134a ali m'gulu la magasi amene pangano la ku Kigali la 2016, lomwe Malawi adalivomereza mu 2017, likufuna achepetsedwe chifukwa chotenthetsa dziko. R600a naye amayaka moto. Motero mwini filiji asanalipire gasi, afunse mmisiri kuti bowo lili pati, ndipo alione litatsekedwa.