Khofi anayambira pa chiwaya

Mwezi watha mnzathu wina wa pa wailesi anabwera kuchokera ku Kasama ndi kathumba ka pulasitiki. Atakamasula pa tebulo, tonse tinasuzumira. Munali tinjere tolimba, tobiriwira pang'ono, tonunkhira ngati udzu wouma. Wina anati ndi soya wosweka, wina anati ndi mbewu ya mtengo. Tinalipo asanu, tonse timamwa khofi kuti tisawodzere pa pulogalamu ya m'mamawa, koma panalibe amene anazindikira kuti uyu ndiye khofi asanaone moto. Tinaseka, kenaka manyazi anatigwira. Mbewu yolimidwa m'dziko lathu lomwe, ife n'kumaifunsa dzina ngati mlendo.

Khofi amene tinakulira ndi wa m'chitini kapena wa m'timapaketi ta pa kantemba: supuni imodzi, madzi otentha, shuga, basi. Ndiye ambiri timaganiza kuti kukazinga khofi ndi nchito ya makina aakulu a ku fakitale. Koma kwa zaka mazana angapo khofi ankakazingidwa pa moto wa pakhomo, ndi ziwiya zonga zomwe ambuya athu amakazingira nshawa.

Mtengo wa khofi wa arabica kwawo ndi kumapiri a ku Ethiopia. Mwina munamvapo za mbusa uja amene anaona mbuzi zake zikudumphadumpha zitadya tizipatso tofiira. Imeneyo ndi nthano chabe, ndipo inayamba kuoneka m'buku mu 1671, anthu atamwa kale khofi zaka zambiri. Umboni weniweni ukuyambira ku Yemen m'zaka za m'ma 1400, kumene Asilamu a gulu la Sufi ankamwa khofi kuti akhale maso pa mapemphero a usiku. Kuchokera kumeneko anafika ku Mecca, ku Cairo, mpaka ku Istanbul, kumene nyumba zomweramo khofi zinatsegulidwa m'ma 1550. Chokazingira cha masiku amenewo chinali kambale kachitsulo kopyapyala ka chogwirira chachitali, koika pa malasha, ndi kasupuni kotakasira. Kwathu kuno tikanangoti chiwaya.

Ku Ethiopia chiwayacho sanachitaye mpaka lero. Kukabwera alendo, mayi wa pakhomo amatsuka njere, n'kuzikazinga pa kambaula alendowo akuona. Zikapsa amayendetsa chiwaya pakati pa anthu kuti aliyense anunkhize utsi wake. Akatero amasinja mu kamtondo, n'kuwiritsa mu mtsuko wadothi wa khosi lalitali wotchedwa jebena. Amamwa maulendo atatu, ndipo ulendo womaliza amautcha baraka, kutanthauza dalitso. Palibe magetsi amene amafunika pa zonsezi.

Ngakhale ku America kunali chimodzimodzi. Mabanja ankagula khofi wosakazinga m'sitolo n'kukamukazinga pa chitofu cha nkhuni. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, asilikali ankakazinga njere pa moto wa pa msasa n'kuziphwanya ndi kumbuyo kwa mfuti. Zinthu zinayamba kusintha mu 1864, pamene Jabez Burns wa ku New York anatulutsa makina okazingira khofi wambiri mofanana, osayamba awachotsa pa moto kuti akhuthule. Vuto linatsala limodzi: khofi wokazinga sachedwa kutha fungo. John Arbuckle wa ku Pittsburgh anapeza nzeru yopaka njere dzira ndi shuga kuti fungo lisathawe, n'kumazigulitsa m'mapaketi a pepala. Mu 1938 ku Switzerland kunatuluka Nescafé, khofi wosungunuka m'madzi. Pang'ono ndi pang'ono moto unachoka pakhomo n'kupita ku fakitale.

Nanga ife tili pati m'mbiri imeneyi? Khofi anabwera kuno ndi amishonale ndi azungu a mafamu. Ku Malawi mbande yoyamba inafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878, kuchokera ku Edinburgh. Kuno ku Zambia minda ikuluikulu ili kumpoto, chakufupi ndi Kasama, ndipo ina ili cha ku Mazabuka. Wambiri mwa khofi ameneyu amatuluka m'dziko ali wosakazinga, m'masaka. Ndiye kuti khofi anatifika m'njira ziwiri: monga mbewu yogulitsa kunja, ndiponso monga ufa wogula m'sitolo. Gawo la pakati, lija la moto ndi mtondo, silinakhazikike m'nyumba zathu. A ku Yemen, a ku Turkey ndi a ku America anayamba ndi chiwaya n'kudzafika ku chitini. Ife tinayambira pa chitini.

Apa ndi pamene pali ndalama. Switzerland, Italy ndi Germany ali pakati pa maiko otsogola pogulitsa kunja khofi wokazinga, chonsecho alibe minda ya khofi. Amagula njere kwa alimi onga athu, n'kuziika pa moto, n'kuzilonga bwino, mtengo n'kukwera. Wolima ndi wothyola, amene wagwira nchito chaka chonse, amalandira kagawo kochepa poyerekeza ndi amene wagwira nchito ya mphindi zosakwana 20.

Titamva zimenezi tinati tiyese. Ulendo woyamba tinalakwitsa. Mbaula inali yolilima, njere tinathira zambiri, ndipo wotakasa anayamba kuyankha foni. Zapansi zinasanduka malasha, zapamwamba zikadali zotuwa. Zimene tinamwa tsiku limenelo zinali zowawa ngati mankhwala a malungo.

Ulendo wachiwiri tinachita monga tinaphunzirira kwa ambuya pokazinga nshawa. Tinadikira malasha kuti akhale ofiira opanda malawi. Tinatenga poto wokhuthala pansi, tinathira kapu imodzi chabe kuti njere zisasanjikizane, ndipo mthiko sunaime. Njere zinasintha kuchoka ku kubiriwira kufika ku chikasu, fungo likumveka ngati buledi ali mu uvuni, kenaka zinayamba kuderako. Patapita mphindi ngati 10 tinamva zikuthetheka ngati chimanga cha mbuliwuli. Kumeneko ndi kuphulika koyamba, pamene nthunzi ya madzi a mkati ing'amba njere, kutentha kukayandikira madigiri 200. Kuyambira apa khofi ndi womweka. Mukapitiriza mudzamva kuthetheka kwachiwiri, kwa mawu aang'ono, ndipo njere zimayamba kunyezimira mafuta. Mukadutsitsa pamenepo, mukumwa malasha.

Titaphula tinakhuthulira mu sefa yachitsulo n'kumapeta panja, kuti njere zizizire msanga ndiponso timakoko topepuka tiuluke. Mukazisiya mu poto zimapitiriza kupsa. Musadabwe zikapepuka, chifukwa pa kilo imodzi pamachoka magalamu pakati pa 120 ndi 200, makamaka madzi. Zisiyeni tsiku limodzi kapena awiri kuti mpweya wa mkati utuluke, ndipo muzisinja zokwanira tsiku lomwelo. Mtondo ukhale wotsuka bwino, apo ayi mudzamwa khofi wonunkha nsinjiro. Chenjezo lalikulu ndi ili: nchito yonseyi ichitikire panja. Utsi wa khofi ndi wambiri, ndipo mbaula m'nyumba yotseka imapha.

Anzathu a kunja amene abwerera ku mwambo umenewu manje amagwiritsa nchito makina ophulitsira chimanga, ena amaboola chitini n'kumachizunguza pa moto ndi kawaya. Ife mbaula tili nayo, mtondo tili nawo, ndipo dzanja lotakasa tinaliphunzira tili ana. Chimene chikusowa ndi njere chabe.

Choncho ngati muli ndi m'bale wopita kumpoto, mutumeni akufunsireni kilo imodzi ya khofi wosakazinga. Wathu uja anatha m'masiku anayi, chifukwa fungo litadumpha mpanda, amayi a nyumba yoyandikana nafe anabwera ndi kapu yawo kudzafunsa chimene tikuphika.