Mphika Wosungunulira Mtovu: Kuutsuka ndi Kuusamala Popanda Kudwalitsa Banja

Mtovu ndi chitsulo chotuwa, chofewa komanso cholemera, chomwe chimasungunuka pa kutentha kwa madigiri 327. Popeza suvuta kusungunula, anthu ena amausungunulira pakhomo. Ku United States ndi ku South Africa, alenje ndi ochita masewera owombera omwe ali ndi chilolezo cha mfuti amaumba okha zipolopolo, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito kamphika ka magetsi. Asodzi ena nawo amaumba zolemetsera maukonde ndi mbedza. Ngati inu kapena wina wa pakhomo panu amagwira ntchito yotere, uthenga uno ndi wanu.

Ambiri amaopa kupsa ndi mtovu wosungunuka, ndipo m'pake. Koma chimene chimadwalitsa mabanja mwakachetechete ndi fumbi, ndipo fumbilo limachuluka pa nthawi yopala ndi kutsuka mphika.

Kodi fumbili limachokera kuti?

Mtovu wosungunuka ukakumana ndi mpweya, pamwamba pake pamayandama zinyalala zotuwa kapena zachikasu. Zina zimakanirira m'mbali mwa mphika pamodzi ndi dzimbiri. Zikauma zimafumbutuka ngati phulusa. Mukazipala zili zouma, fumbi lake limakwera m'mwamba, mumalipuma, ndipo lotsala limatera pa zovala, m'tsitsi, pa nsapato ndi pansi pamene mwana amakwawa. Mphika ukatenthedwa mopitirira muyeso, makamaka kuposa madigiri 500, mtovu umayambanso kutulutsa utsi wochuluka wolowa m'mapapo.

Mtovu umachita chiyani m'thupi?

Thupi silifuna mtovu ngakhale pang'ono. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Ukalowa, umazungulira m'magazi kwa milungu ingapo, kenako umakhazikika m'mafupa ndi m'mano, momwe ungakhale zaka makumi angapo.

Ana aang'ono ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu. Amaika zala ndi zidole mkamwa, ndipo pa mtovu womwe wamezedwa, matumbo a mwana amalowetsa m'magazi wochuluka kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi a munthu wamkulu. Mtovu umaononga ubongo umene ukukula: mwana amachedwa kuyankhula, amavutika kumva za m'kalasi ndiponso kusunga zimene waphunzira. Kuonongeka kumeneku sikubwerera m'mbuyo.

Kwa mayi woyembekezera, mtovu umafika kwa mwana ali m'mimba, ndipo ngakhale umene unabisala m'mafupa kalekale umatha kubwerera m'magazi. Ungachititse kupita padera, kubereka masiku asanakwane kapena kubereka mwana wochepa sikelo. Kwa akuluakulu onse, umakweza kuthamanga kwa magazi, umaononga impso ndi mitsempha, ndipo umafooketsa mphamvu yobereka.

Zimenezi zaonekapo kale mu Africa muno. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa cha mtovu wa mabatire akale umene anthu ankaukonza m'makomo mwawo. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana ambiri kumeneko amapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha dothi ndi fumbi. Mtovu suola, pomwe wagwera umakhala pompo.

Musanayambe kutsuka

• Gwirirani ntchito panja, kutali ndi khitchini, chitsime, dimba ndi bwalo losewerera ana. Ana ndi amayi oyembekezera asayandikire.
• Yalani pepala lapulasitiki kuti zogwa zisalowe m'dothi.
• Valani magolovesi, magalasi oteteza maso ndi masiki yothina bwino ya mtundu wa FFP3 kapena P100. Masiki yansalu ndi ya kuchipatala ija sizitchinga fumbi losalala chotere.
• Khalani ndi zovala ndi nsapato za ntchito yokhayi.
• Khuthulani mtovu wonse, zimitsani moto kapena zulani pulagi, ndipo dikirani mpaka mphika uzizirire kotheratu.

Katsukidwe kake

Nyowetsani pang'ono m'kati mwa mphika wozizirawo kuti fumbi lisauluke. Palani mwapang'onopang'ono ndi kachitsulo kapena burashi yawaya yapamanja, kenako pukutani ndi nsanza zonyowa. Mphika wa magetsi musauviike m'madzi. Musapale ndi sandipepa wouma kapena makina ozungulira, musauzire ndi pakamwa kapena ndi pampu, ndipo musasese malowo ndi tsache louma.

Musatsukire viniga kapena mandimu. Zowawasa zimasungunula mtovu n'kuusandutsa madzi apoizoni amene amalowa m'thupi mosavuta. Musawotchenso mphika mpaka kufiira pofuna kuchotsa zokanirira, pakuti pamenepo ndi pamene utsi umachuluka.

Mukatha, uumitseni mphikawo kwathunthu. Dontho la madzi likatsekeredwa pansi pa mtovu wosungunuka limasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo mtovu umathovokera kumaso ndi m'manja. Chipande, chikombole ndi zidutswa za mtovu zomwe mukuponyamo ziyeneranso kukhala zouma. Mukapsa, thirani madzi ozizira pa balalo kwa mphindi 20 ndipo pitani kuchipatala.

Kusunga mphika ndi zinyalala

Mphika ukhale wachitsulo cholimba. Wa aluminiyamu umafooka ndi moto ndipo ungaboke mtovu uli momwemo. Muziuyang'ana ngati wang'aluka, komanso ngati chogwirira kapena waya wa magetsi waperepeseka. Usungeni povundikira, pouma, m'malo okiyidwa.

Mphika kapena chipande chimene chakhudzapo mtovu chisabwererenso kukhitchini, ngakhale chitatsukidwa bwanji. Chiikeni chizindikiro cha penti kuti wina asaphikiremo, asatungire madzi kapena kumwetsera ziweto.

Zinyalala zoyandama zija muziike m'chitini chachitsulo chouma, chokhala ndi chivundikiro. Nsanza ndi pulasitiki muzimange m'jumbo. Musazitenthe kapena kuzitaya kudzala. Funsani a khonsolo kapena a zaumoyo a m'dera lanu kumene amalandira zinyalala zoopsa. Mabatire akale a galimoto musaswe kapena kusungunula pakhomo: ali ndi asidi, ndipo zinyalala za mtovu wake zikanyowa zimatha kutulutsa mpweya wakupha.

Musalowe nalo m'nyumba

Pogwira ntchito musadye, musamwe ndipo musasute fodya. Mukamaliza, vulani zovala ndi nsapato panja, sambani m'manja ndi kumaso ndi sopo, kenako sambani thupi lonse musananyamule mwana. Zovala za ntchito muzichape pazokha.

Zizindikiro zofunika kuzidziwa

Anthu ambiri amene ali ndi mtovu m'magazi saonetsa chizindikiro chilichonse poyamba. Zikayamba kuoneka, zimafanana ndi za matenda ena: kupweteka m'mimba, kudzimbidwa, kusafuna kudya, mutu, kutopa, kuchepa kwa magazi, kuiwalaiwala, kukwiya msanga ndi kufooka kwa manja. Mwana amene akusanza kosalekeza, akuodzera modabwitsa, akuyenda modzandira kapena akukomoka, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Chitaninso chimodzimodzi mwana akameza kachidutswa ka mtovu, ngakhale akuoneka wabwinobwino.

Kuchipatala

Njira yokhayo yodziwira ndi kuyeza magazi. Auzeni adokotala kapena anamwino momveka kuti pakhomo panu pamasungunulidwa mtovu, chifukwa popanda kumva zimenezi angaganizire matenda ena. Si chipatala chilichonse chili ndi zoyezera, choncho pemphani kuti akutumizeni kumene zilipo. Malangizo a WHO a chaka cha 2021 amati zotsatira zikafika pa 5 µg/dL, gwero la mtovu lifufuzidwe ndi kuchotsedwa. Zikakwera kwambiri, monga 45 µg/dL mwa mwana, pali mankhwala ochotsa mtovu m'magazi amene amaperekedwa moyang'aniridwa ndi dokotala.

Mwana wanjala kapena woperewera ayironi ndi kashiamu amalowetsa mtovu wambiri m'magazi. Usipa, matemba, nyemba, mkaka ndi ndiwo zamasamba zimathandiza, koma si mankhwala, ndipo kumwa mkaka mukatha ntchito sikutsuka mtovu m'thupi. Ngati pakhomo pali mwana wosafika zaka 6 kapena mayi woyembekezera, chitetezo chodalirika ndi kusasungunulira mtovu pamalopo n'komwe.