Kuwerenga n'kwina, kuyeza n'kwina: mbiri ya manambala mu kompyuta

Pa tsiku la sikelo pachipatala cha Mhuju, m'chigwa cha Henga m'boma la Rumphi, alangizi a zaumoyo amalemba manambala a mitundu iwiri. Ana obwera amawawerenga, 40 kapena 41, pakuti mwana wa theka kulibe. Kulemera kwa mwana amachita kuyeza, mwina makilogalamu 7.4. Malipoti a zipatala amathera mu DHIS2, pulogalamu imene Unduna wa Zaumoyo unaifalitsa m'dziko muno mu 2012, ndipo mmenemo malo alionse olembapo anauzidwiratu mtundu wa nambala yoti alandire.

Kusiyanitsa kotereku kunayamba kale. Mu 1957, John Backus ndi anzake ku IBM anatulutsa Fortran. M'chinenero cha makompyuta chimenechi, dzina loyamba ndi chilembo chochokera pa I kufika pa N linkasunga nambala yathunthu, integer, pamene ena onse ankasunga nambala ya zidutswa, float. Mu 1959 kunabadwa chinenero china, COBOL, imene mabanki anaikonda chifukwa imasunga ndalama ndendende. Float ilibe khalidwe limeneli: ngakhale malamulo a IEEE 754 anaikhazikitsa bwino mu 1985, mpaka lero 0.1 kuphatikiza 0.2 imatulutsa 0.30000000000000004.

Phunziro lowawa linadza pa 4 Juni 1996. Roketi ya Ariane 5 inaphulika pasanathe mphindi imodzi chinyamukire ku Kourou. Pulogalamu yake inayesa kulowetsa float ya ma bit 64 (ma bit ndi timalo tosungiramo nambala mu kompyuta) mu integer ya ma bit 16, imene sipitirira 32,767. Zinali ngati kukhuthulira thumba lonse la chimanga m'mbale yodyera.

Mbiri imeneyi ikukhudza wachinyamata aliyense wolemba pulogalamu ya kalabu ya alimi a fodya ku Mhuju. Mabelo ndi owerenga, choncho akhale integer. Makilogalamu ndi oyeza, float ikhoza kukwanira. Koma ndalama zisaikidwe mu float. Chiyambire 1971 kwacha imodzi ndi matambala 100, ndiye zisungidwe mu decimal, mtundu wa nambala wosunga zidutswa ndendende, kapena ngati matambala athunthu, m'malo otakasuka, poti ma bit 32 amadzaza ndalama zikangodutsa K21 miliyoni. Nayo nambala ya foni isungidwe ngati mawu, kuopa kuti 0 woyambirira angasowe.

Mlimi sadzaona mzere wa pulogalamu umene chisankhochi chinalembedwa, koma malipiro ake akaperewera, adzadziwa ndithu.