Matola a ku Mangochi ndi pikapu ya magetsi imene ikubwera

Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi m'tauni ya Mangochi, pambali pa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 July 1946. Itamira Vipya, kampani ya Nyasaland Railways inaitanitsa sitima ina kwa a Yarrow a ku Scotland, zidutswa zake anazilumikiza ku Monkey Bay, ndipo Ilala inayamba ntchito mu 1951. Zaka zoposa 70 zapita, sitimayo ikuyendabe. Chitetezo cha pasitima chinatheka kuchikhwimitsa chifukwa mwini wake anali mmodzi, doko lokonzera linali limodzi, ndipo woyeza ankadziwa khomo loti agogode. Pamsewu zinthu sizinayende choncho. Kumwera kwa nyanja kuno lamulo la pamsewu lakhala likulembedwa poganizira galimoto monga anaipangira ku fakitale, pomwe anthu akhala akuigwiritsa ntchito monga umphawi wawo ndi misewu yawo zawalamulira. Mkangano wa mapikapu oyendera magetsi umene wabuka ku America ndi ku Ulaya udzatipeza ndi vuto lomweli tisanalithetse.

Mangochi, imene inakhazikitsidwa mu 1891 ndi dzina la Fort Johnston, inali tauni ya pamadzi. Katundu ankabwera pamitu ya amtengatenga ndi pasitima za mumtsinje wa Shire, n'kukwezedwa m'sitima za panyanja. Koma madzi a Shire atachepa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 sitima zinayamba kutitimira mumchenga, ndipo njanji itatalikitsidwa mu 1935 inadzera ku Balaka kupita ku Chipoka ndi Salima, kuilambalala tauniyi. Kuyambira pamenepo chilichonse chotuluka m'bomali chinadalira msewu, ndipo chachikulu chotuluka chinali nsomba. John McCracken, amene analemba mbiri ya usodzi wa nthawi ya atsamunda, anasonyeza kuti ogwira ntchito m'minda ya tiyi ndi fodya ku Thyolo, ku Mulanje ndi madera ozungulira Blantyre ndiwo anakulitsa msika wa nsomba zouma. Amalonda achikuda ankapalasa njinga masiku angapo ndi madengu, pomwe Agiriki a banja la Yiannakis, amene bizinesi yawo inadzasanduka Maldeco, ankatumiza nsomba pamalole. Apa mpamene panabadwira chizolowezi chimene chilipo mpaka lero: mwini nsomba sasiyana ndi nsomba zake. Mayi wa geni amene wapikula usipa ku Msaka kapena ku Malembo sangaupereke kwa dalaivala iye n'kukadikira basi, chifukwa mpamba wake wonse uli m'matumbamo. Amakwera pamwamba pa katundu wake, ndipo galimoto imene boma linailemba kuti ndi ya katundu imakhala yasanduka ya anthu isananyamuke padoko.

Mabasi analipo. Kampani ya Nyasaland Transport, imene inadzatchedwa United Transport Malawi kapena kuti UTM, inkayendetsa mabasi mpaka m'midzi, motsatira nthawi, ngakhale m'njira zosapindulitsa kwenikweni, popeza boma linkaitchinjiriza kwa opikisana nayo. Stagecoach ya ku Scotland inaigula mu 1989 n'kuchoka mu 1997, Shire Bus Lines inatenga malo ake, ndipo patatha zaka pafupifupi khumi nayo inagwa. Msika wa mtengatenga utatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990, eni maminibasi anathamangira kumene kuli phula ndi anthu ambiri. Njira ya Liwonde inadzaza, koma ya kutsidya kwa nyanja, yodzera ku Malindi kukafika kwa Makanjira, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, inatsala ndi fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Minibasi ikalowa njira yotere masipuling'i satha mwezi. Pikapu ndi lole ya matani atatu zinatola anthu amene basi inawasiya, ndipo matola anakhazikika ngati basi ya boma lokhala ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, malinga ndi kalembera wa 2018.

Lamulo la pamsewu la 1997 silinavomereze zimenezi. Wonyamula anthu olipira ayenera kukhala ndi chilolezo, galimoto yake iyezedwe moyenera, ikhale ndi nambala yofiira ndi inshuwalansi yoteteza okwera. Matola ambiri alibe zonsezi, ndipo galimoto ikagubuduzika m'mapiri a Chowe popita ku Namwera, ovulala amazindikira ali m'chipatala kuti palibe wowalipira. Ngozi yaikulu ikachitika apolisi amalengeza kuti aletsa kunyamula anthu kumbuyo kwa galimoto, milungu ingapo madalaivala amatsitsa anthu asanafike palodibuloko n'kuwakwezanso patsogolo, kenaka zonse zimabwerera mwakale. Ndi kosavuta kuloza chala ziphuphu, ndipo zilipo ndithu, koma sizifotokoza zonse. Wapolisi amene watsitsa anthu makumi awiri panjira ya kwa Makanjira dzuwa likulowa, pakati pawo pali mayi wodwala, alibe basi yoti awapatse. Komanso lole yomweyo ndi imene imanyamula maliro, kwaya ya mpingo, anthu opita ku siyala, timu ya mpira, ndi otsatira zipani popita ku misonkhano ya ndale ya anthu amene amapanga malamulowo ku Nyumba ya Malamulo.

Umboni wamphamvu woti chiletso sichinali mankhwala ndi malo amene matola anachepa okha. Pamsewu wa M3 wochokera ku Liwonde, umene unakonzedwanso ndi ngongole ya African Development Bank, ndi pa M10 wopita ku Monkey Bay, wapaulendo wopanda katundu wambiri lero amakwera minibasi kapena Sienta. Sanasiye matola poopa wapolisi. Anasiya chifukwa pabwera galimoto yokhala ndi denga, yodzaza msanga, pamtengo wosasiyana kwambiri. Sikuti Sienta yopanikiza anthu khumi ndi yotetezeka, ndipo kabaza wa njinga yamoto wadzaza zipatala ndi othyoka miyendo. Bungwe la WHO mu lipoti lake la 2018 linayerekeza kuti pa anthu 100,000 aliwonse m'Malawi, pafupifupi 31 amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse, chimodzi mwa ziwerengero zokwera kwambiri padziko. Chimene mbiriyi ikusonyeza n'choti wokwera amasankha pakati pa zimene zilipo, ndipo lamulo lakhala likufika galimoto itazika kale mizu, eni ake atachuluka moti palibe khomo limodzi logogoda.

Kunja kuja nkhawa yaikulu pa mapikapu a magetsi ndi kulemera. GMC Hummer EV imalemera matani oposa 4, batire lake lokha makilogalamu pafupifupi 1,300, ndipo mu January 2023 Jennifer Homendy, mkulu wa bungwe lofufuza ngozi ku America la NTSB, anachenjeza kuti galimoto zotere zikawombana ndi zazing'ono ovutika ndi a m'zazing'onozo. Chaka chomwecho ofufuza a pa University of Nebraska anawombetsa Rivian R1T pazitsulo zotchinga m'mphepete mwa msewu, ndipo inangozibowola. Tesla Cybertruck siinavomerezedwe pamisewu ya ku Britain, ndipo apolisi a ku Manchester analanda imodzi mu January 2025. Ogula nawonso sanathamange monga makampani ankayembekezera, moti Ford inachepetsa kupanga F-150 Lightning kumayambiriro kwa 2024. Koma m'mkangano wonsewo munthu amene akumuganizira ndi woyenda pansi kapena wa m'galimoto inayo. Palibe injiniya ku Michigan amene anawerengera anthu khumi ndi asanu okhala pamatumba a utaka kumbuyo. Chonsecho batire limadya gawo la kulemera kumene galimoto inaloledwa kunyamula: Hummer ija, ndi ukulu wake wonse, imaloledwa katundu wosapitirira makilogalamu pafupifupi 600, pomwe Hilux wamba imanyamula tani. Dalaivala wa matola amayeza katundu ndi maso, poona mmene masipuling'i akhalira pansi. Injini ya dizilo ikalemedwa pachitunda imalira, utsi umatuluka, anthu amatsika n'kukankha. Mota ya magetsi imakoka mwamphamvu kuyambira poyambira ndipo sidandaula, choncho kulemedwako kumakaonekera potsetsereka, pamabuleki ndi pamatayala.

Wina anena kuti zonsezi ndi maloto. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 pa 100 zokha zinkaunikira magetsi a Escom, ndipo namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mtengo wa pikapu ya magetsi yatsopano msodzi sangaulote. Zonsezi n'zoona, koma zikuiwala mmene galimoto zimafikira m'manja mwa a matola. Palibe amene anagula Hilux kapena Land Cruiser yatsopano kuti azinyamula usipa. Oyamba kugula amakhala mabungwe, boma, makampani ndi eni malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, ndipo pakatha zaka galimotoyo imagulitsidwa pa okushoni n'kuyamba moyo wake wachiwiri. Makampani a ku China monga Maxus akupanga kale mapikapu a magetsi okhala ndi chiwongolero kumanja, monga zathu. Ndipo chowakokera kuno chilipo: mafuta onse timagula kunja ndi ndalama zakunja zimene tilibe, mizere ya pamalo omwetsera mafuta ya 2011 ndi 2012 inabweranso kuyambira 2022, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Nsomba yaiwisi sidikira thankala ya mafuta yochokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Dzuwa ndiye lilipo lambiri, ndipo ku Golomoti, pamene msewu wa Monkey Bay umakumana ndi M5, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungira.

Pikapu ya magetsi idzafika kwa a matola batire litakalamba, ndipo batirelo limakhala pansi, pomwe miyala ndi madzi a m'mitsinje yopanda milatho zimagunda. Kuyeza kwa COF kumene tinazolowera kumayang'ana mabuleki, nyale, matayala ndi chiwongolero. Makaniko wa pansi pa mtengo, amene wasunga mapikapu a dizilo amoyo zaka makumi atatu ndi waya ndi luso, adzakhala akugwira zingwe za mavolti mazana anayi. Ku Ulaya, kuyambira 2021, galimoto ya magetsi yatsopano iliyonse iyenera kutulutsa phokoso ikamayenda pang'onopang'ono, ndipo aliyense wodziwa msika wa Makawa madzulo, pamene njinga, ana ndi mbuzi zimagawana phula, aona chifukwa chake.

Mosiyana ndi nthawi ya Sienta ndi kabaza, pano eni mapikapu a magetsi akadali owerengeka, ndipo galimoto iliyonse iyenera kudutsa pachipata cha MRA ndi kulembetsa ku Road Traffic. Pamenepo boma likhoza kufuna umboni wa thanzi la batire, kulemba poonekera kulemera kololedwa, ndi kukana zolemera mopitirira zimene milatho ya kumidzi ingapirire. Chovuta kumeza ndi chachiwiri: kuvomereza kuti m'njira zopanda basi pikapu idzanyamulabe anthu, ndi kupereka chilolezo chapadera chofuna mabenchi, zitsulo zogwirira, chiwerengero cha okwera, liwiro lochepa ndi inshuwalansi. Otsutsa adzati uku n'kudalitsa imfa, ndipo sakulakwa kuti munthu wokhala kumbuyo sangatetezeke ngati wa m'basi. Komabe chiletso chakhalapo zaka zonsezi osatsitsa munthu, ndipo chimene chachita n'kumuchotsera inshuwalansi. Chilolezo chotere chingamangidwe panjira imodzi imodzi, n'kutha chokha tsiku limene phula lafika ndipo basi yayamba kuyenda, monga mmene anthu a kwa Makanjira akhala akulonjezedwera ndi maboma otsatizana kuyambira nthawi ya zipani zambiri.