Colowa ca pa Khondowe

Aphunzitsi anzanga a ku Chama, tikumbuke kumene nchito yathu inacokera. M'caka ca 1894 Dr Robert Laws anatsegula Overtoun Institution pa phiri la Khondowe, ku Livingstonia. Cifuniro cace cinali cakuti Mkristu adziwe Mau a Mulungu, nakhalenso ndi luso m'manja mwace. Cotero tsiku linali kuyamba ndi mapemphero. Pambuyo pace ophunzira anagawa nthawi yao, ina m'kalasi, ina pa ukalipentala, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku ndi kulima. Aphunzitsi a Misyoni yomweyo anatsikira ku Marambo natsegula masukulu pakati pa Asenga, ndipo David Kaunda anafika ku Chinsali mu 1904. Mwana wonyoza khasu cifukwa wadziwa kuwerenga sanalandire colowa cimeneci. Kumuongola ndi udindo wathu.